Zilonda za Mitengo ya Julius

Kumudzi, kufupi ndi Songwe,
Karonga.
11 Ogasiti 2025.

Okondedwa alamu anga, amake Ipyana,

Ndikudziwa kuti kalembedwe kokhotakhota aka mwakazindikira musanatsegule n'komwe envulopu. Chonde musang'ambe. Werengani kaye mpaka pansi, mukatero muyatsire mbaula ngati mukufuna, ine sindidandaula.

Choyamba ndipereke moni. Muli bwanji kumeneko ku Dedza, ndi chisanu chanu chija chosamva chisoni? Amayi anu ali bwanji, miyendo ija inaleka kutupa? Nanga uphunzitsi ukuyenda bwanji pasukulu yatsopanoyo? Kuno Kyala, Mulungu wathu, akutisunga. Mpunga chaka chino tapeza wokwanira, ng'ombe zili bwino kupatula yamawanga ija, inathyoka mwendo m'dambo. Amayi akudandaula msana monga mwa masiku onse. Ipyana ali bwino ndithu. Watalika, mano awiri akutsogolo aja anamera, ndipo wakhoza mayeso, akulowa sitandade 3.

Foni munanditsekera, ndipo simunalakwe. N'chifukwa chake ndagwira cholembera, ndipo kalatayi ndapatsira a Fainess, anamwino a pachipatala chathu, amene akupita kwawo ku Linthipe kutchuthi. Chichewa changa ndi chomwe chija cha paboda munkachiseka chija, chosakaniza ndi Chinkhonde ndi Chiswahili. Mupirire nacho. Ndalemba katatu n'kung'amba, chifukwa katatu konseko ndimadzipeza ndikukometsa mbali yanga. Pakamwa pa ife maejenti a paboda mukupadziwa. Iyi yokha ndalumbira kuti sindiipaka mafuta.

Nkhani ndi ya mitengo ya bulugamu ya malemu mkulu wanga Julius, amuna anu. Nkhani ndi ya dzina lanu limene tinalidetsa, ndi mwana wanu amene tinakulandani. Zina mukuzidziwa, koma mukudziwa theka. Theka linalo lakhala m'mimba mwanga chaka ndi miyezi inayi, ndipo landidya mokwanira.

Mukukumbukira mmene mkulu wanga ankaikondera mitengo ija. Mizere yowongoka kuseri kwa khola, moti odutsa pamsewu ankaima n'kumafunsa mwini wake. Iye ankati imeneyi ndiyo sukulu ya Ipyana, mpaka ku yunivesite. Atangogwa m'munda tsiku lija la mu Meyi 2022 n'kutisiya, adokotala anati ndi BP. Koma inu mwakhala nafe, mukudziwa kuti pamudzi pano BP sipha munthu yokha, pamayenera kupezeka woituma. Manong'onong'o anayamba pamaliro pomwepo, inu muli m'siwa. Ine ndinkawamva, ndipo masiku amenewo ndinkakuikirani kumbuyo.

Ndinene chifukwa chake ndinkakuikirani kumbuyo. Sichinali chilungamo chokha ayi. Ndinkadziwa mwambo wathu, kuti chaka chikatha akuluakulu adzakhala pansi kukamba za chokolo, kuti ine mng'ono wake ndilowe m'nyumba ndisamale inu ndi mwana. Alamu, ine ndinkafuna. Eya, ndanena. Ndi zamanyazi, koma ndanena.

Ndiye ndinafuna kudzionetsa kuti ndine mwamuna wodziwa kusamala za mkulu wake. Kumapeto kwa munda uja, chakumtsinje, kunali mipata pamene chiswe chinadya mitengo. Mvula ya Januwale 2023 itakhazikika, mnzanga wina wa tsidya lija, cha ku Kyela, anandiuza za mbande zamakono za bulugamu. Akuti sachita kufesa njere, amangodula tinthambi ta mtengo umodzi wabwino n'kumeretsa m'machubu, ndipo zimakula mofulumira kuposa zathu zija. Ndinaoloka, ndinatenga makumi anayi.

Apa ndiye pagona nkhani. Ntchito yanga mukuidziwa, yothandiza amalonda kutulutsa katundu pachipata cha Songwe. Malamulo a pamenepo ndingawanene ndili m'tulo. Chomera chilichonse chamoyo chimayenera kuonetsedwa kwa a zaulimi, chikhale ndi chiphaso chosonyeza kuti chilibe matenda. Zimenezi ndauzapo anthu osawerengeka, ena mochita kuwakalipira. Koma tsikulo ndinati aa, timitengo makumi anayi tokha ndidikirire mapepala sabata yathunthu, mvula ikupita? Ndinatsikira kumunsi, kudooko kumene anthu amaolotsera shuga ndi zitenje. Ndinaika mbande m'mabeseni awiri, ndinaphimba ndi masamba a nthochi, ndinakwera bwato. Mphindi khumi sizinathe ndili kwathu, ndikudziyamikira kuchenjera.

Ndipo ndinaona, alamu. Ichi ndicho ndinabisa kwambiri. Potsitsa mabeseni ndinaona kuti mbande zitatu zili ndi tizilonda patsinde, khungwa litafota n'kulowa m'kati, pamwamba pake pali timadontho tachikasu. Ndinapalapala ndi mpeni n'kudzala. Ndinati zikagwira nthaka zipola zokha.

Sizinapole. M'miyezi yotsatira ndinkadula tinthambi touma pa timitengo tangato, ndipo ndi chikwanje chomwecho, chosapukuta n'komwe, ndinasadza nthambi za m'munsi za mitengo ikuluikulu yonse, mzere ndi mzere, kuti muone ntchito. Inu munandibweretsera thobwa kumundako, munati Julius akanasangalala. Ha! Sabata imeneyo ndinayenda ngati tambala.

Mu Juni akuluakulu anakhala pansi, ndipo inu munakana. Munakana mwaulemu, mutagwada, kuti mukhala pamudzi kulera mwana ndi kuphunzitsa, koma mwamuna wanu anali mmodzi. Palibe choipa munanena. Koma anzanga paboda anandiseka mpaka ndinaleka kukadya nawo mbalagha, nthochi zophika ndi nyama zija, masana. Ankati ejenti wotulutsa malole akuluakulu wakanika kutulutsa eya mmodzi pakamwa pa mayi wa ku Dedza. Ndinkaseka nawo, m'kati ndikupsa. Kuchokera pamenepo, anthu akamakunenani ndinasiya kuyankha.

Kenako inafika mvula ya 2024. Mitengo ikuluikulu inayamba kung'aluka makungwa patsinde, n'kumatuluka utomoni wofiira, wokhathamira, woyenderera mpaka pansi. Amayi atauona anakhala pansi pomwepo n'kuyamba kubuma maliro, akuti magazi a Julius akutuluka m'mitengo yake kudzanena amene anamupha. Inu ndi mtima wanu wabwino munkalawirira m'mawa, musanapite kusukulu, kukamata zilondazo ndi dothi losakaniza ndi phulusa ndi ndowe, monga ankachitira agogo anu ndi mapichesi awo. Anthu anakuonani muli ndi kambale m'manja. Basi, nkhani inapsa.

Za bwalo lija la mu Epulo pakhonde pa amayi sindikufuna kukukumbutsani, koma ndiyenera. Bambo athu aang'ono, a Yotamu, amene akutsogolera banja chimwalirire bambo athu, anandifunsa ngati ndinakuonanipo mukupaka zinthu m'mitengo. Ndinati eya. Sindinanene kuti ndi dothi ndi phulusa, ngakhale ndinkadziwa. Ndinangoti eya, n'kuyang'ana pansi.

Kenako inu munalankhula mukulira, Chichewa chothamanga. Munati apite akaone timitengo tanga ine Ambokile chakumtsinje, zilonda zinayambira kumeneko chaka chatha, ndipo tina tauma kale. Amayi, amene Chichewa amangotola apa ndi apo, anatembenukira kwa ine mwana wawo n'kufunsa kuti mkaziyu akuti chiyani. Ndinawayankha m'Chinkhonde kuti akungokana basi.

Munandiyang'ana. Chinkhonde chochepa chimenecho munachimva bwinobwino. Ena amene anamva mawu anu onse sananditsutse, chifukwa wolakwa anali atapezeka kale, ndipo anali wobwera, wopanda mlongo pafupi womuyankhira. M'mawa mwake ndinapita kukazula timitengo touma tija n'kuponya m'tchire kuti wina asakatione.

Munapempha kusamutsidwa, ndipo munachoka. Ipyana anatsala. Akuti malowolo anaperekedwa onse, mwana ndi wa ng'ombe, komanso mwana sangapite ndi mfiti. Tsikulo anamutengera kwa azakhali ake kuti asaone. Ine, wopanda manyazi ine, ndinanyamula sutikesi yanu kukakweza pa minibasi, ndipo munandiuza kuti zikomo. Zikomo ameneyo akundiwawabe mpaka lero.

Mutachoka mitengo sinachire. Ina inayamba kuthyoka pakati mphepo ikaomba. Matenda analowa m'mitengo ya kusukulu, kenako ya kutchalitchi. A Yotamu anati ndiye kuti munakwirira mankhwala, ndipo anakumba pakhomo panu mpaka thukuta, n'kungopeza supuni yakale ndi chidendene cha nsapato. Ine ndinagwira nawo khasu, alamu. Ndinkakumba ndikudziwa kuti mulibe kanthu.

Mu Januwale chaka chino ahedi anakanena ku ofesi ya zankhalango, ndipo kunabwera mayi wina wofufuza za matenda a mitengo. Dzina lake ndi Chawanangwa, wa ku Rumphi, wamfupi, wa gambutsi zazikulu kuposa miyendo yake, munthu wosapupuluma. Poti woyang'anira munda wa Julius ndine, ndi ine ndinamuperekeza.

Kagwiridwe kake ka ntchito kanandidabwitsa. Mtengo uliwonse ankaulemba nambala ndi penti, n'kudula kachidutswa ka khungwa m'mphepete mwa chilonda, n'kuika mu envulopu yakeyake. Akachoka pamtengo umodzi ankapukuta mpeni ndi sipiriti asanakhudze wina. Ine ndi pakamwa panga ndinamuseka kuti mayi, mtengo si mwana wakhanda. Anandiyankha m'Chitumbuka kuti mpeni ndiwo minibasi ya matendawa, umanyamula apa n'kukatsitsa apo. Ndinakumbuka chikwanje changa, kuseka kunathera pomwepo.

Anandipatsa kagalasi kokulitsa zinthu kuti ndione. Timadontho tachikasu tomwe tija! Anati dzina lake ndi fangasi, mtundu wa chuku, m'bale wake wa bowa. Chimalowa pabala, n'kumadya mnofu wa pansi pa khungwa mpaka chitazungulira mtengo wonse, madzi n'kulephera kukwera. Mvula ikamenya timadonthoto, njere zake zosaoneka ndi maso zimadumphira pamtengo wina. Za utomoni wofiira anati si magazi a munthu aliyense, bulugamu akavulala amatero podziteteza, ngakhale mutangomutema ndi nkhwangwa.

Pamenepo ine ndinaona pothawira. Ndinafunsa kuti ndiye matendawa ndi akale, a m'dera lathu lomwe lino eti? Anati n'kutheka, chifukwa chuku cha mtundu umenewu chimakhalanso m'mitengo yachilengedwe ya katope ya m'mbali mwa mitsinje, imene kwanu mumati nyowe, ndipo nthawi zina chimadumphira m'bulugamu. Choncho tinatsikira kumtsinje, anadulanso zidutswa kumeneko. Anati DNA ndiyo idzanene. Ndinafunsa ngati ndi DNA yomwe ija amayezera mwana abambo akamukana. Anaseka, anati yomweyo ndithu, chuku nachonso chili ndi makolo ake ndi mtundu wake.

Pobwerera tinadutsa pa timitengo tanga totsala, ndipo anaima. Anathyola tsamba, analitembenuza, anati iyi si mbewu imodzi ndi inayo, inachokera kuti? Bodza linatuluka lokha, osaliitana. Ndinati Julius anagula ku Mzuzu asanamwalire. Taonani, ndinanamizira ndi wakufa yemwe. Mayiyo anayang'ana timitengo, anandiyang'ana ine, analemba m'buku lake.

Miyezi isanu ndi umodzi ndinakhala ndikupemphera pemphero loipa. Sindinkapempha kuti dzina lanu liyere. Ndinkapempha kuti zipezeke kuti matenda anachokera m'katope, kuti langa lisade. Ndinkalowa m'tchalitchi, ndinkaimba nawo, ndinkathandiza Ipyana masamu madzulo, ndiye n'kumapempha zimenezo.

Chawanangwa anabweranso pa 18 Julayi. Ananditumira uthenga kuti tionane kaye awiri kusukulu, ndipo tinakhala pabenchi kuseri kwa ofesi ya ahedi. Anafotokoza kuti kachidutswa kalikonse anakaika m'mbale yagalasi ku labotale, chuku chitamera anatenga DNA yake n'kuyang'ana malo khumi amene amasiyanitsa banja ndi banja. Anatulutsa mapepala awiri. Panali mizere ya timabokosi topaka utoto, mzere umodzi mtengo umodzi, timabokosi khumi pamzere.

Pepala loyamba linali la katope, mitengo makumi atatu. Utoto unali wosakanikirana, apa chofiira, apa chobiriwira, moti kupeza mizere iwiri yofanana kunali kovuta. Anati umu ndi mmene chimaonekera chinthu chimene chakhala pamalo kuyambira kale. Chakwatirana, chaberekana, mabanja achuluka, monga mudzi wakale umene muli a Mwakasungula, a Mwalwanda, a Gondwe ndi a Msiska, onse osakanikirana magazi.

Pepala lachiwiri linali la bulugamu, wa Julius, wa kusukulu ndi wa kutchalitchi, mitengo makumi asanu. Alamu, mizere yonse inali chimodzimodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi, ngati fotokope. Anati uwu si mudzi, ndi munthu mmodzi. Chuku chimathanso kuberekana chokha popanda kukwatirana, ndipo ana obadwa motero amatuluka ndendende mayi wawo. Mukachipeza chofanana chonchi m'minda itatu, ndiye kuti changofika kumene, kuchokera pamalo amodzi, mwinanso pa chomera chimodzi. Sichinafanane ndi mzere ndi umodzi womwe wa katope. Koma chinafanana bokosi ndi bokosi ndi chimene anzake ofufuza a tsidya lija anapeza m'manazale ena kwawoko. Ndipo zilonda zakale kwambiri pamunda wonse zinali pa timitengo tanga.

Mayiyo sanandikalipire, ndipo akanandikalipira bwenzi zitapepuka. Anangoti a Ambokile, chinthu ichi sichinabwere ndi mapazi ake, mtsinje chinaoloka ndi munthu. Anati iye si wapolisi, akungofuna kudziwa ngati pali mbande zina zinapita kwina. Nkhawa yake ndi yakuti chuku chobwerachi chikadzakumana ndi cha m'katope n'kukwatirana, palibe akudziwa kuti mwana wake adzakhala wolusa bwanji, mwina n'kuyamba kupha ndi mitengo yachilengedwe yomwe.

Ndinali ndikusakabe bodza lina, kunena zoona. Koma popinda mapepala anati anamva kwa ahedi za mphunzitsi wina amene anathamangitsidwa pamudzi chifukwa cha mitengoyi, ndipo anafunsa ngati mayi ameneyo akadali moyo, poti kwina zoterezi zimathera m'manda. Pamenepo ndiye ndinagwa. Bambo wamkulu ndevu pepeya, ndinalira pamaso pa mlendo, ana asukulu akusuzumira pazenera. Ndinanena zonse. Mlandu suola, alamu, akuluakulu sananame.

Lamlungu lotsatira, titaweruka kutchalitchi, ndinapempha a Yotamu kuti aitane bwalo pakhonde lomwe lija, ndi anthu omwe aja. Chawanangwa anafotokoza za mapepala ake m'Chitumbuka. Kenako ndinaimirira ine, m'Chinkhonde, kuti pasakhale wina wonena kuti sanamve. Ndinanena za bwato, za mabeseni, za tizilonda titatu, za chikwanje, za timitengo ndinazula. Ndinanenanso za chokolo, kuti chimene chinanditseka pakamwa si mantha okha, komanso mkwiyo wa mwamuna wokanidwa. Sindinakhale pansi mpaka nditamaliza.

A Yotamu sanagonje, mukuwadziwa. Anati makina sangaone ufiti, ndipo n'kutheka kuti mfitiyo ndi imene inatuma Ambokile kukagula mbande. Anthu anaseka. Chibadwire changa sindinaonepo a Yotamu akusekedwa pabwalo.

Amayi sanaseke. Anandifunsa funso limodzi lokha, kuti tsiku lija mkamwana wawo ananena chiyani kwenikweni. Ndinabwereza mawu anu onse, limodzi ndi limodzi. Anadzuka ndi msana wawo uja, analowa m'nyumba. Masiku atatu sanandilankhule. Shuga amene ndinawatengera kuboda anamubweza osatsegula.

Tsiku lachinayi anatuluka ndi chikwama cha zovala za Ipyana, zochapa ndi zopinda bwino, n'kuchiika pamapazi panga. Anati ng'ombe sizigula ufulu wolanda mwana kwa mayi wosalakwa. Anati mwana apite kwa amake, ndipo adzabwera patchuthi ngati amake alola, akakana ndi momwemo. Anatinso iwo nkhope yoonekera nayo kwa inu alibe, ndipite ine amene ndinaswa mphika. A Yotamu akung'ung'udzabe, koma palibe akuwamvera.

Mitengo tayamba kudula sabata ino, yodwala yonse, ndipo makungwa ndi nthambi tikuotcha pomwepo monga anatilangizira. Pa mizere ija patsala mitengo yowerengeka. Sukulu imene mkulu wanga anadzalira mwana wake ndi manja ake, ndikuigwetsa ine ndi manja anga. Ndinakadzinenera ndekha kwa a zaulimi pachipata, ndipo chilango chimene apereke ndilandira. Paboda tsopano anzanga apeza nthabwala yatsopano, akunditcha bwana nkhalango. Asiyeni aseke, nthawi ino akuseka zoona.

Koma si mitengo imene ndalembera kalatayi. Chovuta chatsala ndi ichi, ndipo ndimafuna muchimve kwa ine musanachione ndi maso.

Chaka chonsechi mwana wakhala akumva zimene akuluakulu timalankhula pamwamba pa mutu wake. Anzake kusukulu ankamutcha mwana wa mfiti. Palibe anamukhazika pansi kumuuza kuti amayi ako anapha adadi ako, komanso palibe anatsutsa, ndipo woyamba kukhala chete ndinali ine. Poyamba ankakufunsani tsiku ndi tsiku. Kenako anasiya, ife n'kumati wazolowera.

Nditamuuza kuti tikupita kwa amayi ake, ndinkayembekezera kuti adumpha ndi chimwemwe. Sanadumphe. Anathamangira kwa agogo ake, anagwira chitenje chawo ndi manja awiri, n'kufunsa ngati amayi ake akamudyenso iye monga anadyera adadi.

Mayo ine, alamu. Amayi anaphimba nkhope ndi mpango. Ine ndinagwada pansi pamaso pa mwanayo, ndinamuuza kuti amayi ake sanaphe munthu, sanadwalitse mtengo, ankangofuna kuchiritsa mitengo ya adadi. Ndinamuuza kuti amene anabweretsa matenda ndi adadi aang'ono, ndipo amene ananama ndi adadi aang'ono omwewo. Anandiyang'ana ndi maso anu aja n'kufunsa kuti ndinanamiranji. Bwalo lonse ndinaliyankha, koma mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri ndinalephera. Mpaka lero sindinamuyankhe.

Wavomera kupita. Koma wandilumbiritsa kuti ndisakamusiye tsiku lomwelo. Taonani mmene zinthu zapotokera, mwana akuthawira kwa wabodza poopa mayi wake.

Tinyamuka Lachisanu pa 22, tikagona ku Lilongwe, ndipo tidzafika pa depoti ya Dedza Loweruka pa 23 cha m'ma 11 koloko m'mawa. Kalata yake yosamukira sukulu ahedi alemba kale, buku lake lakuchipatala lili m'chikwama. Sindikupempha kuti mundikhululukire, chifukwa ndikanakhala ine sindikudziwa ngati ndikanatha. Sindikupemphanso kuti mubwerere kuno, ngakhale nyumba yanu ili momwe munaisiyira. M'nyumba mwanu sindidzalowa. Ndidzapeza pogona pafupi, ndizingoonekera m'mawa kuti mwana adziwe kuti sindinamuthawe, ndipo tsiku limene mudzati choka ndidzachoka.

Ndikupempha chimodzi chokha. Mukadzamutambasulira manja pa depoti paja iye n'kubisala kumbuyo kwanga, musadzamukwiyire, ndipo musadzaganize kuti mwana wanu sakukufunani. Mantha amenewo si ake, ndinamuika ndine. Mudzamupatse masiku, ndipo mkwiyo wonsewo mudzausungire ine.

Mundiperekere moni kwa amayi anu, ngati angaulandire, ndi kwa achimwene anu a Khumbize, amene ali ndi ufulu wondinena chilichonse tikadzaonana. Amayi kuno akuti ndikuuzeni kuti pepani mwana wanga, mawu amene sindinawamvepo pakamwa pawo. Mulungu akusungeni, ndipo akupatseni mphamvu yodzaima pa depoti paja Loweruka.

Ndine mlamu wanu wolakwa,
Ambokile.